Batani Lachitatu

Pepala analimata pachitseko cha ofesi,
mizere isanu ndi iwiri, siginecha ya Mayi Nakhumwa pansi:
shati yoyera yopisira, thalauza lakuda lositidwa bwino,
nsapato zoti ntchentche idziwonerepo nkhope,
ndevu ayi, chipewa ayi, fungo la dzulo ayi,
baji kumanzere, pamwamba pa mtima.
"Inuyo ndinu nkhope ya kampani," anatero
akupukuta magalasi ndi nsonga ya mpango.

Baji yangayo inalembedwa kuti Dafita.
Dafita anapita ku Joni chaka chatha,
koma kudinda ina ndi ndalama,
ndiye nyumba makumi awiri ndi zitatu za pa Chitakale
zimandiitana dzina la mwini wake, ine n'kumavomera.

Wolemba pepala uja sanachapepo m'chiperoni,
phiri litabisala masiku anayi,
shati ya Lolemba n'kufika Lachinayi ikudonthabe.
Ndimaiwamba pa mbaula ngati mlamba,
nkhope ya kampani n'kumanunkha makala.
Nsapato zimayenda ulendo m'jumbo,
matope ofiira ndimawaponda ndi patapata,
ndikafika pampopi wa kuseri kwa chigayo
ndimatsuka mapazi, n'kusanduka bwana.

Pepalalo silinena kuti mkono wa shati upindidwe mpaka pati
dzanja likalowa m'paipi ya chimbudzi kulekeza m'chigongono.
Silinena za dzimbiri la malata,
kapena za galu wa nesi uja
amene amapereka moni ndi mapazi onse awiri.

Nyumba yakumapeto muli a Mukhova, atelala.
Miyezi itatu lendi osaoneka.
Kaunjika anawalanda anthu, maso nawo akulowa nkhungu.
Ndi iwo ananditembenuzira kolala itaperepeseka,
ndalama anakana: "Mudzandiona mukadzalemera."

Lachitatu ndinapatsidwa envulopu yawo.
M'mawa umenewo ndinasita kawiri,
ndinauzira phulusa la m'simbi ngati ndikupita kukafunsira mbeta.
Sindikudziwa chifukwa chake.
Mwina ndinkafuna kuti shati ilankhule, ine ndikhale chete.

Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere,
mpaka pamene pali masiku makumi atatu.
Anaipinda bwinobwino, n'kuitsamiritsa ndi sizasi.
Kenaka anandiyang'ana pachifuwa nthawi yaitali.

"Batani lachitatulo likulendewera. Vulani."

Ndinaima pakhonde ndi vesiti yobooka pamsana,
mphepo ya m'minda ya tiyi ikundiwerenga nthiti,
ana opita kusukulu akuseka m'manja.
Baji ya Dafita inali patebulo, pambali pa kalata.
Ulusi unkaphonya diso la singano,
kamodzi, kawiri, kasanu,
mpaka ndinawalanda n'kuwalowetsera.
Anasoka osathamanga. Anadula ndi mano.

"Wobweretsa uthenga wotere azioneka bwino, Fanuwelo."
Pa Chitakale ponse ndi iwo okha
amene anandifunsapo dzina, tsiku londiyeza kolala.

Ndinafuna kunena kuti si ine ndalemba,
kuti ndinawachonderera Mayi Nakhumwa mpaka tiyi wawo anazizira,
koma linali bodza. Sindinachonderere.
Ndinangolandira envulopu ndi manja awiri.

Lachisanu timaima pamzere, alonda, osesa ndi ine,
mayi akuyendera zikhadabo ndi nsapato.
Anamubweza Esitere chifukwa cha duku lamaluwa,
mlonda wausiku anamudula ya tsiku chifukwa cha sokosi.
Atafika pa ine anaima, n'kumwetulira:
"Nonsenu muzionera Dafita."

Ndinati zikomo.
Tayi ndinali nditaikokera pakati penipeni,
chifukwa ulusi woyera unawathera a Mukhova,
anasokera wobiriwira,
wotsala pa yunifolomu ya mwana wa sukulu,
ndipo pamzere wonsewo
ndine ndekha ndinkadziwa pamene uli.