Sitima Nambala Seveni

Mlongo wanga Yandel sankagona.
Usiku nkhope yake inkawala
pansi pa bulangete,
chala chikupalasa galasi ngati nkhuku yanjala.
Amayi anabisa chaja. Iye anagula ina.

Lachinayi, chisanu chikuluma makutu mu Queens,
anakwera padenga la sitima,
manja atatambasula, jekete ikuuluzika,
Darnell akujambula.
Kenako, mlatho.

Anthu zikwi makumi anayi anaonera.
Ena anaponya timitima tofiira.
Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera
kudzaona zitsulo zomwe madokotala
alumikizira chiuno chake.

Lero watsegula maso.
Milomo ili gwa, wandinong'oneza:
“Marisol, afika angati?”

Foni ili m'thumba mwangamu,
ikunjenjemerabe.
Ndamuuza kuti inasweka.