Nsapato za Chikaiko

Ndimasoka nsapato pakhonde la golosale ku Mchesi,
mapazi a anthu ndimawadziwa kuposa nkhope zawo.
Ndiye pamene Chikaiko, woyendetsa minibasi ya ku Kawale,
anabwera kachitatu m'mwezi umodzi
akuti, “Akulu, zikundithinabe, tazikuzani,”
ndinaika singano pansi.

Chikopa sichifota chokha, mphwanga.
Ndinadina chala pakakolo pake,
kadzenje kanatsala ngati padothi lonyowa,
osabwerera.

Mkulu wanga Zakeyu anayamba chonchi.
Bufeni ankameza ngati mtedza,
awiri m'mawa, awiri madzulo, ati msana.
Madzi ankawakana, poti pasiteji palibe pokodzera.
Chipisi cha pachiwaya, mchere wodzaza chikhatho,
bipi yake sanaiyezetsepo.
Impso sizikuwa.
Zimasefa usana ndi usiku
ngati mayi wopeta kuseri kwa nyumba
amene mumamukumbuka lichero litagwa.
Mkodzo wake utayamba kuchita thovu
tinaseka, tinati wamwa sopo.

Kenako kunali ku Sentolo, kawiri pa sabata,
magazi ake akuzungulira m'timapaipi ta makina,
ine pabenchi, jekete lake pamiyendo panga,
ndikuwerenga matailosi.
Nsapato zake ndikadali nazo m'thumba ili.
Anthu afunsapo mtengo.

Ndinati, Chikaiko, ine si dokotala,
kaya ndi mtima, kaya ndi china,
koma mawa ulawirire kuchipatala.
Akakumange lamba pamkono,
akakubaye kuchala aone shuga,
ukawapatse mkodzo m'kabotolo,
ndipo usachite manyazi kufunsa
za magazi aja oonera m'mene impso zikusefera.
Mapilitsi a pagolosale uyambe wawasiya,
ndi zam'mabotolo zogulitsa kudepoti zija,
zoti zimatsuka m'thupi.

Anaseka. “Tsiku limodzi osagwira,
bwana andilanda makiyi.”

Ndinatenga nsapato zake, ndinazikhalira.
Ndinamuponyera patapata wakale, wosiyana mitundu.
Udzazitenga ukabwera ndi pepala la kuchipatala.
Anandinena kuti ndine mfiti, ndine wakuba,
anapita akukhwekhwereza mapazi m'fumbi,
kondakitala wake akufa nazo nseko.

Lero ndi Lachinayi.
Minibasi yake yadutsa kawiri, akuyendetsa wina.
Nsapato ndazipaka polishi, ndaziika padzuwa,
sindinazikuze ngakhale pang'ono.
Ndamwa madzi makapu atatu kuyambira m'mawa,
maso ali kumsewu.