Dzenje la Paphewa

Sitolo ya a Eleuterio ili kumunsi kwa chitunda cha ku Valparaíso,
pomwe masitepe amathera m'fungo la dizilo ndi nsomba.
Ndinalowa kamera ili pachifuwa
ngati mayi wopita ndi mwana kusikelo.
"Zithunzi zikunjenjemera," ndinatero.
Iwo anangoyang'ana manja anga.

Anayamba kutulutsa chatsopanocho,
chakuda, chonyezimira, cha timamota titatu
tolira chapansipansi ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo.
Anamangirira kamera, kuisuntha pang'ono kutsogolo,
pang'ono kumbuyo, kutukwana, kuyambiranso,
mpaka chinadzuka chokha n'kuimika khosi.
"Thamanga nacho."

Ndinakwera masitepe makumi anayi, wefuwefu,
galu wa kwa Ximena ali pachidendene.
Pobwerera tinaonera limodzi.
Dziko lonse linali myaa!
Nyumba zamalata, zachikasu, zobiriwira, zikungoyandama,
zovala zapachingwe zikudutsa ngati maloto.
Pa sitepe yosweka ija ndinapunthwa, chala chikadawawabe,
koma chithunzi sichinamve kanthu.
Ngati wojambulayo anamwalira kale
ndipo akungozungulira mudzi wake opanda mapazi.

Kenako anafukula chakale pansi pa makatoni.
Ndodo ziwiri zachitsulo, zogwirira zomatidwa tepi,
chitsulo cholemera cholendewera kumsana,
ndi khushoni lokhala kale ndi dzenje
la phewa la munthu wina.
"Ankajambula nkhani za pa kanema. Bondo linamukana."
Ichi sichidya batire, anatero, sichiopa mphepo ya kudoko.
Chimangofuna msana wako tsiku lonse
ndipo ngongole yake umalipira usiku pogona.

Ndinachisenza. Fupa la m'khosi linadandaula.
Diso linakhala pagalasi, chigongono panthiti,
ndipo nditapuma, msewu nawo unapuma.
Nditatembenuka kuti ndione basi, kamera inatembenuka nane,
mochedwa pang'ono, monga mutu wa munthu woitanidwa dzina.

Sindinawauze za Lamlungu.
Sindinawauze kuti bambo anga, a Nibaldo,
adzasenza chifanizo cha Petulo Woyera ndi asodzi anzawo
kuchoka kutchalitchi mpaka kumaboti,
kuti dokotala wati chaka chino n'chomaliza,
kuti amatsimphina mwendo wamanzere
chiyambire tsiku lomwe chingwe cha ukonde chinawakola,
ndipo woyerayo akakhala paphewa pawo
amapendekeka, n'kuwongoka, n'kupendekekanso,
ngati nayenso anakulira m'boti.
Timamota tija tingandichotse ine pamenepo.
Ine ndikufuna amene adzaonere zaka zikubwerazi
adzadziwe kuti pambuyo pa nkhalambayo
pankayenda munthu wa mapapo, wotopa, wokankhidwa ndi oimba malipenga,
amene pa ngodya ya msika anagwedezeka
chifukwa misozi inamutseka diso.

Komatu maukwati ndiwo amalipira lendi,
ndipo akwati amakonda kuyandama.
Ndinaimirira nthawi yaitali pakati pa ziwirizo,
a Eleuterio akudya buledi wopaka mapeyala, osandithandiza.
Ndinawerenga mapeso kawiri.
Mwina chinacho ndidzachibwerera mu Sepitembala, ndinatero.
"Onse amatero," anayankha, nyenyeswa zili m'ndevu.
"Pinda mawondo. Chidendene chiyambe, zala zitsatire.
Yenda ngati wanyamula supu wotentha wa munthu amene umamuopa."

Tsopano ndi Lachinayi, usiku.
Ndakwera ndi kutsika masitepe athu kasanu ndi kawiri,
anansi akusuzumira pamawindo, galu uja wagwa nane ulesi.
Phewa lasanduka mtundu wa biringanya.
Dzenje la mkulu uja ndi lalikulu, silinandikwane,
ndaikamo sokosi yopinda ya bambo.
Iwo ali m'khitchini, akusita shati yoyera,
akufunsa ngati chinthucho chimajambulanso mawu,
chifukwa pokwera chitunda, akuti, amatukwana.