Dzina Lomaliza m'Buku la Alendo

Galimoto inatitula pamene phula anathera,
pa kagolosale ka ndudu ndi mabisiketi ofewa,
kumapiri a chilumba cha Flores.
Hilarius anayang'ana nsapato zanga zatsopano,
anayang'ana kumwamba, osanena kanthu,
kenako anandidulira ndodo ya nsungwi.
Iye anavala patapata, imodzi yomanga ndi waya.

Tinakwera.
Maola atatu mtima ukugunda m'makutu,
mizu ya mitengo yatipingasira njira
ngati makwerero opala munthu woledzera.
Ine wefuwefu, iye akuyimba mluzu,
thumba la mchere ndi mabatire lili kumsana.

Mvula sinaodire.
Linayamba fungo, la dothi lomwe lakumbukira madzi,
nkhalango yonse zii,
dontho limodzi pakhutu, tho!
Kenako thambo linang'ambika msoko.
Chikhoti chomwe ndinagula modula chinagonja msanga.
Hilarius anadula masamba awiri a nthochi zakutchire,
tinayenda ngati bowa wophuka miyendo.

Pakakolo panga panamera kanthu kakuda,
msundu, wakhuta kale magazi anga.
Anaufinyira fodya wonyowa, unagwa phi.
“Walipira msonkho wa pachipata,” anatero,
“tsopano mudzi ukudziwa kukoma kwako.”

Mudziwo unatulukira m'nkhungu pang'onopang'ono,
nyumba zosongoka, madenga ofika pansi,
ngati zipewa zosiyidwa ndi zimphona.
Palibe anatilonjera.
Anthu anali yakaliyakali pabwalo,
kukokera m'nyumba khofi womaliza wa chaka.
Mayi Yustina anandipatsira ngodya ya lona,
ine amene ndinadza ndi kamera.
Ndinaterereka, khofi mwaa m'matope,
ana anaseka mpaka kugwira nthiti
ndipo tinatola tonse, kanjere kanjere,
mvula ikutisambitsa misana.

M'nyumba munali utsi wakalekale,
wolowerera m'mitanda, m'mabulangete, m'mawu.
Khofi wakuda mutambula, matsokwe ali pansi,
mpunga ndi masamba a chinangwa.
Anandibweretsera buku la alendo.
Mwezi wa Ogasiti masamba anali thithithi,
mayina a ku Jeremani, ku Korea, ku Jakarta;
Okutobala anayamba kupatuka ngati mano a nkhalamba.
Novembala, tsamba loyera mbee,
ine ndekha pamwamba pake.

Yustina anawerenga ndalama zanga kawiri
nazipinda m'kachitini ka tiyi.
Mwana wake ali pasukulu ku Ruteng,
fizi siidziwa kuti njira yaterera.
Komabe ndinamuona ataima pakhomo,
dzanja lili kunja, likulandira madontho,
nkhope ngati ya munthu yemwe ngongole yake yabwezedwa.

“Mawa ndikakutsitsa, ndodo ndiipachika,”
anatero Hilarius, akunola chikwanje.
“Alendo ndi a dzuwa, chimanga n'cha mvula.
Mulungu sapereka zonse tsiku limodzi.”

Usiku denga la udzu linameza phokoso lonse.
Panangotsala dontho limodzi louma mutu
likugwera mumphika pafupi ndi mutu wanga,
tho, kenako chete wautali, tho.
Wina anatsokomola. Galu anadzikanda.
Ndinagona ngati katundu wofika.

M'mawa phiri lomwe ndinadzera sindinalione.
Akuti lilipo, kuseri kwa chinsalu chotuwacho,
ndipo ndinawakhulupirira.
Nsapato zanga zinagona pamoto,
yakumanzere inapsa kuchala.
Amuna anali atapita kale kuminda ndi ndodo zosongola,
kuboola nthaka, kuponya mbewu, kuponda.

Amati mlendo ndi mame.
Ine ndinali mame otsalira,
ouma mochedwa chifukwa dzuwa silinatuluke.

Potsika ndinagwa kanayi, Hilarius ankawerenga.
Kumunsi, pofuna ndalama ya galimoto,
ndinapisa m'thumba ndi kupeza kanjere ka khofi,
kamatope, katafufuma ndi chinyontho,
ngati kakuganiza zomera momwemo.