Njovu za Gwilym

Loweruka ku Wrexham, mvula ikuwaza mazenera a holo ya masewera.
Matebulo makumi atatu, lililonse ndi dziko pa lokha:
nsalu yobiriwira, phiri la siponji,
mtsinje wa pulasitiki womwe sunanyowetsepo phazi la munthu.
Ndavundukula bokosi langa, fungo la guluu ndi penti wakale guu.

Wamtali mwa asilikali anga sapitirira mfundo ya chala.
Ndi a ku Carthage, thupi lonse mtovu,
mazana awiri kudza asanu ndi mmodzi.
Ndawawerenga kunyumba, ndawawerenganso m'basi.
Njovu zitatuzi anapenta ndi mkulu wanga Gwilym
chaka chomwe madokotala anamuletsa kukwera masitepe.
Yapakatiyo diso lina lalikulu, lina laling'ono,
dzanja linali litayamba kale kunjenjemera.
Sindinaikonze. Sindidzaikonza.

Nkhondo yoyamba ndagonjetsa wogwira ntchito ku positi wa ku Oswestry,
amene amapepesa nthawi iliyonse akandiphera munthu.
Yachiwiri sitinagonjetsane.
Tiyi wazizirira m'kapu ya pepala, ndamwa momwemo.

Yachitatu andipatsa Tegwen Maddocks,
mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mawaya m'mano,
Aroma ake ali ndondondo ngati mano a chipeso.
Salankhula. Amangotambasula tepi,
kuyeza, kuluma mlomo, kuyezanso,
zishango zofiira n'kusendera mainchesi anayi.
Patatha ola apakavalo anga athera pamlatho,
dzanja langa lamanzere lapindika ngati supuni yakale.
Zatsala ndi njovu basi.

Ndazikankha pang'onopang'ono ndi nsonga za zala
mpaka minyanga itagunda zishango.
Anthu aunjikana, wina wasiya sangweji pakamwa.
Dayisi limodzi. Likagwa pa sikisi, mzere wa Aroma wathyoka.

Ndaponya.
Lagunda phiri, ladumpha mtsinje,
lapitirira malire a dziko,
go, go, go, pansi,
mpaka kunsi kwa chitsulo chotenthetsera holo.

Ndagwada, mawondo akulira ngati chitseko chosowa oyilo.
Uko mumdima, pakati pa fumbi ndi kapepala ka switi,
madontho asanu ndi limodzi akundiyang'ana.

"Mukati ndi sikisi, ndikhulupirira," watero Tegwen.
Aka n'koyamba kumva mawu ake.
Woyimbira ali kutali, akuweruza mkangano wa mizinga patebulo lachisanu ndi chinayi.
Palibe angandigwire.
Koma zaka makumi anayi patebulo la kukhitchini kwa amayi
Gwilym ankanena chimodzimodzi, osakweza n'komwe mutu:
lagwa pansi ndi la pansi, Emrys, ponyanso.

Ndapukuta dayisi pajuzi. Ndaponyanso.

Wani.

Buku la malamulo silinyengerera nkhalamba.
Njovu yadzidzimuka, yatembenuka,
yaponda eni ake omwe,
amikondo anga balala ngati mabatani a malaya ong'ambika,
ndipo ndine ndemwe wowanyamula mmodzimmodzi
kuwagoneka m'mbali mwa tebulo, pafupi ndi kapu.
Yachita zimenezi ndi yapakati ija, ya diso lalikulu.
Ndaseka mpaka kutsokomola.
Iwe Gwilym, mpaka lero?

Tagwirana chanza pamwamba pa mitembo.
Papepala la pakhoma dzina langa lili pa nambala 23,
alilemba molakwika, ndalisiya choncho.

Kenaka ntchito yomwe ndimaikonda kuposa nkhondo:
akufa onse kudzuka,
aliyense kubwerera m'kadzenje kake ka siponji,
mkondo umodzi wokha wofuna guluu.
Agogo anapita kunkhondo yeniyeni, iwo analibe bokosi lotere.
Sankabwera kudzationera tikamasewera.

Tegwen wapempha kugwirako njovu.
Waiyika pachikhatho, waiyandikiza kumaso,
waitembenuzira kuwindo komwe kukubwera kuwala.
"Iyi ikuoneka ngati yaona china chake," watero.
Ndati eya, inaona.

Basi ya ku Ruabon inyamuka teni pasiti sikisi.
Ndafungatira bokosi mkati mwa jekete,
mvula ikundimenya ine ndekha.