Buku Lopanda Chikuto la pa Lizulu

Ndinaligula pa Lizulu, tsidya la msewu, ku Mozambiki,
pakati pa mulu wa kabichi ndi nsapato za kaunjika,
chikuto chitathothoka, dzina la wolemba litadyedwa ndi chiswe.
Mnyamata anati mazana asanu. Ndinampatsa atatu ndi mapichesi.

Nkhani yake ndi ya kale, masiku a machila ndi msonkho wa nyumba.
Dona Inasiya sakalamba, sadya, saoneka pa galasi,
namapopa wa m'nyumba ya miyala kuseri kwa phiri.
Nangozo ndi mtsikana womusokera madiresi.

Zimene wolemba anakhoza ndizinene.
Chisanu anachidziwa, chija cha mu Juni
cholowa m'mafupa ngati ngongole.
Anadziwanso mmene akazi awiri amayang'anirana
m'chipinda muli anthu ena:
singano kugwa dala, onse awiri n'kuwerama.
Masamba makumi asanu palibe wakhudza mnzake
koma ine ndinapsereza nyemba.
Pamene Nangozo anadzibaya chala,
Dona n'kutembenukira kukhoma, kuluma mpango wake,
ndinatseka buku, ndinatuluka
kukayendera mbatata zimene sizinandiitane.

Pakati pake bukulo limatsimphina.
Dona akayamba kukumbukira madansi a kwawo kutsidya la nyanja
mitu itatu imatha, makandulo okhaokha.
Mango akupsa mu Julaye, pa Ntcheu pano!
Nangozo sangapemphe madzi osaponya mwambi,
ngati ife timadzuka ndi miyambi m'kamwa.

Chondiwawa ndi ichi.
Amuna anayi onyamula machila alibe maina.
Dona akamva ludzu, mmodzi amasowa,
mzere umodzi basi, m'mawa kwabwera wina,
ndipo wolemba wabwerera ku khosi la Nangozo, ku fungo la sopo.
Mwina mmodzi mwa iwo ndi agogo a bambo anga.
Komanso mawu oti namapopa
wolembayo amawapaka ngati mafuta onunkhira.
Kuno mawuwo akatuluka m'kamwa mwa gulu
munthu wachilendo amathamanga, miyala ili pambuyo.

Mathero sindiwadziwa.
Masamba anayi omaliza wina anakulungira zitumbuwa.
Koma ndinaona kumene tinkapita:
wansembe akusongola mtengo wa mkungudza,
tambala akukonza kukhosi.
Mabuku otere amakonda kulola akazi awiri kukondana
bola manda akumbidwe kale.
Amene anang'amba masambawo, Mulungu amdalitse.
Kwa ine akadali pakhonde, kunja kusanache,
Nangozo akuyeza phewa limene analiyeza kale.

Lachitatu ndinawoloka msewu
kukabwereka Esinta, wogulitsa anyezi pansi pa ambulera yofiira,
amene tinkafunda naye bulangete limodzi ku sekondale
asanakwatiwe ku Biriwiri.
Ndinati, n'lachabechabe, koma chisanu analemba bwino.

Analisunga masabata atatu.
Pobweza sananene kanthu, anangoonjeza anyezi awiri pa mulu wanga.
Kunyumba ndinapeza tsamba limodzi lopindidwa pakona,
paja singano inagwa,
ndi chidindo cha chala chake, cha dothi lofiira,
pamwamba penipeni pa changa.