Madola Khumi ndi Asanu ndi Atatu

Magetsi athimanso ku Mufakose.
Foni ndaitsamiritsa pa chitini cha mabatani kuti iunike,
buku la bambo ndalitsegula pa tebulo lodulirapo nsalu.
Likununkha choko ndi mafuta a makina.

A Gwenzi, amene amatiphunzitsa madzulo
m'chipinda cham'mwamba moyang'anana ndi makombi a pa Copacabana,
amati buku lili ndi manja awiri.
Chimene lamanzere lalandira,
lamanja linene kumene chachokera.
Katundu wa bizinesi ndi ngongole kuphatikiza mpamba,
amatero akugogoda bolodi ndi kiyi wa galimoto.
Basi. Palibe ufiti.

Ndayamba ndi makina osokera.
Anagulidwa madola mazana atatu,
moyo wake papepala ndi zaka khumi,
chaka chilichonse uchotse makumi atatu.
Mwa masamu a m'kalasi makinawa anafa kalekale
ndisanamere n'komwe mano a kutsogolo achiwiri.
Koma ndi omwewa atigonthetsa m'kutu tsiku lonse
akupinda masiketi a ana a sukulu.

Yunifomu imodzi timagulitsa madola khumi.
Nsalu, ulusi, zipi, zimadya asanu ndi limodzi.
Otsala anayi.
Lendi ya kakhonde kathu ndi makumi asanu ndi limodzi pamwezi,
ndiye mayunifomu khumi ndi asanu oyamba
bambo amasokera mwini khonde,
msana ndi wawo, maso ndi awo.
Ya nambala sikisitini ndiyo imagula buledi.

Za kukwera kwa mitengo sindinaphunzire kwa a Gwenzi.
Zili m'sutikesi pansi pa bedi:
mipukutu ya mathiriliyoni yomanga ndi labala,
imene bambo anasungira ulendo wa ku Ntcheu
mpaka inalephera kugula tikiti ya ku Mbare.
Sataya. Amati pepala silinalakwe.

Tsopano ndawonkhetsa manja onse awiri.
Sakugwirizana.
Lamanzere laperewera madola khumi ndi asanu ndi atatu.

A Gwenzi amati kusiyana kukagawika ndi naini
ndiye kuti wina anatembenuza manambala,
analemba 24 pofuna 42.
Ndatsata ndi chala mzere ndi mzere.
Mai Rukweza, madiresi awiri, adzalipira pa malipiro.
Mpingo wa Zioni, malamba obiriwira, theka analipira.
Singano, paketi imodzi.
Bambo sanatembenuze kanthu.
Zilembo zawo n'zowongoka ngati msoko.

Ndawerenganso. Tambala wa kwa aneba wanama kuti kwacha.
Batire yafika pa naini, nayonso.

Kenako chifuwa kuseri kwa katani,
masilipasi akukwekwereza pa simenti.
"Nangozo, sunagone?"
Ndawauza kuti buku lawo likutayikira penapake
ngati chidebe chobooka.
Ayang'ana nambalayo nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Mwezi uno wapita kangati ku sukulu yakoyo?"

Ndawerenga pa zala.
Lolemba mpaka Lachinayi, milungu inayi, ndi masiku awiri a mayeso.
Khumi ndi asanu ndi atatu.
Dola imodzi tsiku lililonse, kupita ndi kubwera,
ija ndimaipeza yopindidwa pansi pa kapu yanga ya tiyi,
ija ndimaipereka kwa kondakitala osaiyang'ana.

"Izi zimalembedwa, bambo.
Ndi ndalama zimene mwini wake watapa m'bizinesi.
Zimachepetsa mpamba."

Aseka mpaka kutsokomola.
"Kuchepetsa? Uwafunse a Gwenzi akowo
ngati wofesa amalemba mbewu kuti yatayika."

Atenga choko chodulira nsalu,
alemba 18 pa tebulo penipenipo, pambali pa lumo,
abwerera kukagona.

Ine ndatsala ndi bolopeni m'mwamba.
Mawa kuli mayeso a buku la manja awiri,
ndipo sindikudziwa dzanja loti ndidzilembemo.